Tiana ta nkhumba ndi anyamata a ku jimu akulimbirana ufa umodzi

Abale anga mukaona chigubu cha protini cha ku jimu chakwera mtengo musamangothamangira kutukwana wa pa shopu, nkhaniyi imayambira kutali, ku mafakitale a tchizi ku Wisconsin ku America uko, poti protiniyo amapanga kuchokera ku whey. Whey ndi timadzi totsala akamapanga tchizi, pa malita 10 a mkaka tchizi amatuluka ngati kilo imodzi basi, zinazo ndi timadzi timeneti. Kale ankangotaya kapena kumwetsa nkhumba. Lero amaumitsa nkukhala ufa, kulongedza m'matumba, nkumalowa m'mabisiketi, chokoleti, ayisikilimu, tonse tadyapo osadziwa.

Mtengo wopikulira amautchula m'masenti a dola pa paundi (kulemera pafupifupi theka la kilo) ku msika wa CME ku Chicago, a USDA, unduna wa zaulimi wa ku America, nawo amatulutsa mitengo sabata iliyonse. Nde chimene chimandiseketsa ine, kasitomala wamkulu wa ufa wa ku America ndi China, ndipo wambiri si wa anthu ayi, ndi wa tiana ta nkhumba tikangosiya kuyamwa poti ufawu wadzaza shuga wa mumkaka, kuposa 70%. Chigodola chitalowa m'makola a ku China mu 2018 nkhumba zinafa mamiliyoni, chaka chomwecho China inaikanso msonkho wa 25% pa katundu wa ku America, pofika 2019 mtengo unali utagwa chagada. Kumayambiriro kwa 2022 unadutsa masenti 80 pa paundi, pakati pa 2023 unali pansi pa 30. Bizinesi yotere mtima ungakhale m'malo eti?

Koma ine maganizo anga, amene akuyendetsa msikawu pano si nkhumbanso, ndi onyamula zitsulo aja ndi onse ofuna kuchepetsa thupi. Ufa wamba uli ndi protini ngati 12% yokha, pamene isolate, whey wosefedwa uja wa ku jimu, ndi 90% ndipo ndalama zili kumeneko, nde wa fakitale angaumitsirenji ufa wotchipa pomwe timadzi tomweto akatisefa timubweretsera madola? Ufa wamba unayamba kuchepa, kumapeto kwa 2024 unadutsanso masenti 70.

Mlimi wa ng'ombe za mkaka ku America akumwetulira ndithu, whey akakwera ndi senti imodzi pa paundi, mkaka wake wa tchizi umakwera pafupifupi masenti 6 pa mapaundi 100. Wolira ndi wophika mabisiketi uja, amene alibe nazo ntchito za minofu koma thumba akuligula mtengo wa ku jimu.