Anzanga okonza makanema, RAM yodula si imene ingakuthandizeni

Sabata yathayi anthu atatu andifunsa funso limodzi, ndipo onse anali ndi ndalama kale m'thumba, okonzeka kukwera minibasi ya ku Limbe. Funso lake: kompyuta ikumakakamira ndikamakonza kanema wa chinkhoswe, ndigule RAM yanji? Mmodzi anachita kundionetsa chithunzi cha RAM ija yoyaka timagetsi tofiira ndi tobiriwira, yolembedwa 3600 pa paketi. Ndinamuuza kuti achimwene, ndalamazo zibwezereni kaye m'thumba.

Ine ndimagwirira ntchito kunyumba ku Matawale, pa kompyuta yakale ya mu ofesi, HP yakuda ya Core i5-8500 yomwe inabwera ndi 8GB. Mukudziwa nokha mmene zinkhoswe zathu zimakhalira: makamera awiri, perekaniperekani wa maola atatu, ndipo azakhali ake a mkwatibwi akufuna aoneke bwinobwino pomwe ankaponya ndalama. Ndikaika zonsezo mu Premiere, pulogalamu yokonzera makanema, kanema ankayenda modumphadumpha, mawu patsogolo chithunzi pambuyo. Chifukwa chake n'chosavuta. Disiki ili ngati nkhokwe, purosesa ndi chigayo, RAM ndi mphasa yoyanikapo. Mphasa ikachepa, Windows imayamba kubweza zina kunkhokwe n'kumakazitenganso ikazifuna, ndipo maulendo obwerezabwerezawo ndi amene mumawaona ngati kukakamira.

Choncho chofunika kwa ife ndi kukula kwa mphasa. A Adobe, eni ake a Premiere, amati 16GB pa makanema a HD, ndipo 32GB kapena kuposa pa 4K. A Blackmagic nawo amati pulogalamu yawo yokonzera makanema, DaVinci Resolve, imafuna 16GB, koma 32GB ngati mukugwiritsa ntchito Fusion, mbali yake yopangira ma effect. Ngati mumajambula HD (1080p) basi, makwaya ndi ma graduation a ku Chanco, 16GB ikukwanirani. Koma masiku ano ngakhale foni ikujambula 4K, ndipo kasitomala amakutumizirani tizidutswa take kuti "muikemonso aka". Maganizo anga ndi akuti amene angathe apite pa 32GB kamodzi n'kuiwalako, ma stick (timatabwa ta RAM) awiri ofanana a 16GB. Awiri, osati imodzi ya 32, chifukwa purosesa imatunga mbali ziwiri nthawi imodzi, zomwe amati dual channel. Ikakhala imodzi, njira inayo imangokhala.

Tsono za nambala ya 3600 ija, yomwe ndi liwiro la RAM. Purosesa yangayi imalekeza pa DDR4-2666, ndiye kuti RAM ya mtundu wa DDR4 ya liwiro la 2666. Liwiro lalikulu lolembedwa pa RAM za osewera magemu limafuna kuti mulowe mu BIOS (ma setting a kompyuta Windows isanayake) n'kuyatsa XMP, yomwe imatsegula liwirolo, ndipo makompyuta a mu ofesi awa, ma OptiPlex ndi ma EliteDesk omwe adzaza muno, kawirikawiri alibe poyatsira XMP. Zikatero RAM ija imabwerera pa liwiro lake la pansi, lomwe pa zambiri ndi 2133. Ndiye kuti mwalipira zambiri kuti mupeze RAM yoyenda pang'onopang'ono kuposa Kingston kapena Samsung wamba wobiriwira wa 2666, wopanda chovala chilichonse. Timagetsi tija nato tili mkati mwa bokosi lachitsulo lopanda galasi, pansi pa tebulo. Atione ndani, mphemvu?

Musanagule, dziwani chomwe chili mkatimo. Tsegulani Task Manager ya mu Windows, pitani pa Performance kenako Memory. Pamenepo muona liwiro ndi ma slot (malo olowetsamo RAM) angati omwe ali ndi RAM kale. Pulogalamu ya CPU-Z, yomwe ndi yaulere, ikuuzani ngati ndi DDR3 kapena DDR4. Mitunduyi silowana. Kampata ka pansi pa stick kali pamalo osiyana pa DDR3, DDR4 ndi DDR5, ndipo mukakakamiza muthyola slot. DDR5 imafuna motherboard (bolodi lalikulu la mkati mwa kompyuta) yake, kotero ngati kompyuta yanu ndi yakale ngati yangayi, iwalani za iyo. Ya laputopu nayonso ndi yaifupi, singalowe mu kompyuta ya patebulo.

Apa ndiulule zanga, popeza safunsa anadya phula. Chaka chatha ndinapeza munthu wina akugulitsa ma stick awiri a Samsung a 16GB pa mtengo wotsika modabwitsa. Anali DDR4, anali aatali bwinobwino, ndipo mu slot analowa mosavuta. Nditayatsa, sikirini yakuda bii, kompyuta ikungolira. Ndinachotsa, kupukuta, kubwezera, kusinthanitsa ma slot mpaka usiku. M'mawa mwake ndi pomwe ndinawerenga bwino kapepala komata pa stick. Pambuyo pa PC4-2400T panali chilembo R. R ameneyo amatanthauza registered, RAM ya ma server (makompyuta akuluakulu a m'makampani), ndipo pa kompyuta wamba siyaka. Ya makompyuta athu a patebulo imakhala ndi U pamalo amenewo, ya laputopu imakhala ndi S. Chilembo chimodzi basi. Wogulitsa uja foni yake inasiya kupezeka tsiku lomwelo. RAM za ma server zimatsika mtengo chifukwa makampani akunja amazichotsa zambirimbiri akamasintha makina, ndiye zikafika kuno zimaoneka ngati mwayi.

Izi sizikutanthauza kuti RAM yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yoipa. Ine ndimaikonda. Mulibe chozungulira mkati ngati mu hard disk, ndipo yabwino imakhala zaka zambiri. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chobwera ndi madola chimaluma, ndiye kusunga ndalama pa RAM yakale n'kwanzeru. Koma gwirizanani kaye kuti ikavuta mubweza. Ngati n'kotheka nyamulani bokosi lanu mukayesere pomwepo, ulendo wa ku Blantyre si wautali. Mukafika kunyumba ikani MemTest86, pulogalamu yoyezera RAM, pa fulashi, iyende usiku wonse, magetsi akalola. Ikaonetsa cholakwika ngakhale chimodzi, bwezani. RAM yodwala imayaka bwinobwino, kenako imadzagwetsa pulogalamu export (kutulutsa kanema womaliza) ili pa 90 peresenti, mwini ukwati atakhala pakhonde kudikira fulashi yake.

Kusakaniza yakale ya 8GB ndi yatsopano ya 16GB nthawi zambiri kumatheka, koma zonse zimayenda pa liwiro la yochedwayo, ndipo nthawi zina zimangokanana popanda chifukwa chomveka. Ine yakale ndinaichotsa n'kupatsa mphwanga.

Chinanso chomwe ogulitsa sangakuuzeni: RAM si mankhwala a nthenda zonse. Tsegulani kanema wanu wolemera kwambiri, muziyang'ana Task Manager uku mukukonza. Memory ikamafika cha m'ma 90 peresenti, vuto ndi RAM ndithu. Koma ikakhala pa theka pomwe CPU (purosesa) ili pa 100, ndiye kuti chigayo ndicho chachepa mphamvu, ndipo mphasa ina sithandiza. Export yochedwa nthawi zambiri ndi nkhani ya purosesa ndi graphics card. Ngati Windows yanu ikadali pa hard disk yozungulira, yambani mwagula SSD, disiki yachangu yopanda chozungulira, kusintha kwake mudzakuona tsiku lomwelo. Ndipo ma proxy ndi aulere: Premiere ndi Resolve zonse zimatha kupanga timakope topepuka tokonzera, 4K yeniyeni n'kudzabwera pa export. Ambiri sitiwagwiritsa ntchito chifukwa cha ulesi chabe, ine ndemwe.

Poika, zulani chingwe kukhoma, gwirani chitsulo cha bokosi kaye, ndipo stick muigwire m'mbali osati pa timano tagolide. Uzirani fumbi m'ma slot, chifukwa la mu Okutobala limalowa paliponse. Ngati ma slot ndi anayi, awiriwo ikani m'ma slot a kala yofanana, osati ongogundizana, ndipo dinikizani mpaka timaloko ta m'mbali titseke tokha.

Panopa ndili pa 32GB ya 2666, yobiriwira, yosaoneka bwino n'komwe. Loweruka ndinajambula chinkhoswe ku Songani, makamera awiri ndi foni, ndipo zonse zikuyenda pa timeline popanda kudumpha. Ma stick a R aja akadali mu kabati. Ngati alipo amene ali ndi server kuno ku Zomba, andipeze tikambirane.