Kafukufuku ndi wathu, koma kiyi ali ndi eni

Anzanga a kuyunivesite mundikhululukire, lero ndikulowa m'munda mwanu.

Anthu a ku Chikwawa kapena ku Karonga amasiya khasu, n'kupereka magazi, n'kuyankha mafunso a ofufuza mpaka dzuwa kupendeka. Zotsatira zikatuluka m'magazini ina ya sayansi ya kunja, namwino wa pachipatala chomwecho akati awerenge pa foni, akumuuza kuti alipire kaye madola oposa 30 pa nkhani imodzi yokha. Wolemba sanalandirepo kanthu, ounika nkhaniyo kawirikawiri amagwira yaulere, koma wokolola ndi kampani yosindikiza magaziniwo ngati Elsevier.

Mu 2002 ku Budapest kunatuluka mfundo yoti zolemba za kafukufuku zizipezeka mwaulere pa intaneti. Chaka chomwecho WHO, nthambi ya United Nations yoona za umoyo, inatsegula Hinari, ndondomeko yothandiza masukulu ndi zipatala za m'maiko osauka ngati lathuli kuwerenga osalipira. Tiyamike ndithu, komabe zimenezo n'zobwereka.

Makampaniwo ndi ochenjera. Anati chabwino, owerenga asalipire, alipire wolemba. Mu 2021 magazini ya sayansi ya Nature inaika mtengo wa mayuro 9,500 kuti nkhani imodzi itsegukire aliyense. Mphunzitsi wa ku Mzuni ndalama imeneyo aitenga kuti? Akuti a m'maiko osauka amawachotsera mtengo, inde, koma mwini nkhani wasanduka wopempha. N'chifukwa chake ambiri amangolowera ku Sci-Hub, tsamba la pa intaneti logawa nkhanizi ulere popanda chilolezo cha osindikiza, limene Alexandra Elbakyan wa ku Kazakhstan anayambitsa mu 2011, ngakhale makhoti a ku America anati ndi kuba. Sindikukutumani kumeneko ayi.

Ine chondiwawa chili konkuno. Malawi Medical Journal aliyense amaiwerenga ulere. African Journals Online ilipo kuyambira 1998, yodzaza ndi magazini a mu Africa muno. A ku Brazil anamanga SciELO yawo, nkhokwe ya pa intaneti ya magazini owerenga ulere, osadikira za kunja. Nanga ife bwanji timaona ngati wosindikiza ku London ndiye dolo, wosindikiza ku Blantyre wangoyeserera?

Ndiye pali mabuku aja amene ophunzira a Masters ndi PhD amalemba pomaliza. Amamanga chikuto cholimba, zilembo zagolide, kenako pa shelefu, fumbi lokhalokha. Za nthaka, za chambo, za feteleza zili momwemo. Sukulu iliyonse iziika bukulo pa intaneti wophunzira asanavale gauni, ndipo amene wadya ndalama ya msonkho pofufuza atsegule zomwe wapeza, ndi tsamba limodzi la m'Chichewa kapena Chitumbuka loti a mfumu a komwe anafufuzako amve.