Chithunzi cha CT pachokha chisatumize munthu ku opaleshoni ya khutu

Pali matenda a m'khutu amene wodwala akawafotokoza anthu amangoti wayamba misala. Amamva mawu ake omwe akulira m'mutu ngati akulankhulira mumgolo. Amamva mtima ukugunda m'khutu, ena mpaka maso awo akamatembenuka amawamva. Phokoso likakula, kapena akangotsokomola, chizungulire chimamugwira.

Dzina lake ndi superior canal dehiscence, ndipo anawafotokoza koyamba ndi dokotala Lloyd Minor wa ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America mu 1998. Mkati mwa khutu muli timachubu titatu topindika tokhala ndi timadzi, tomwe timathandiza kuti munthu asamadzandire. Kachubu kapamwamba kamaphimbidwa ndi kafupa kopyapyala. Kafupako kakabowoka, phokoso limagwedeza timadzi tija molakwika.

Chimene chimandiwawa n'chakuti makina a CT, amene timawadalira kwambiri, amatha kuonetsa bowo pomwe palibe bowo. Makinawa amajambula mutu m'magawomagawo. Gawo likakhala lochindikala milimita imodzi koma fupa lili lopyapyala kuposa pamenepo, makina amalisakaniza ndi zofewa zoyandikana nalo, basi fupa losaonekanso pachithunzi. Mu 2000 Minor ndi akatswiri anzake awiri, Carey ndi Nager, anaunika mafupa a m'khutu 1,000 a anthu omwalira. Obowokadi anali 0.5 peresenti yokha, pomwe 1.4 peresenti anali opyapyala kwambiri koma osabowoka. Opyapyalawa ndi amene amanamiza chithunzi.

N'chifukwa chake akatswiri amafuna magawo a theka la milimita kapena kucheperapo, kenako chithunzi chikonzedwe motsata mmene kachubuko kakhalira. Ngakhale atatero, kulakwa sikutheratu. Palinso anthu amene bowo ali nalodi koma sadandaula kalikonse moyo wawo wonse.

Tsono taganizani munthu amene chizungulire chake chikuchokera kwina, mwina ku mutu waching'alang'ala, koma wauzidwa kuti chithunzi chaonetsa bowo. Opaleshoni yake si yamasewera. Amabowola chigaza pamwamba pa khutu kapena fupa la kuseri kwa khutu kuti akatseke kachubuko, ndipo munthu angathe kutsala asakumva bwino. Kupirira zonsezi chifukwa cha bowo loti kulibe, ayi ndithu, mtima wanga sulola.

Sindikunyoza CT, popanda iyo matendawa sangatsimikizike. Koma mfundo za mu 2021 za Bárány Society, bungwe la akatswiri a matenda a chizungulire, zimati pakhale zinthu zitatu zogwirizana: zizindikiro zimene wodwala akumva, zotsatira za kuyeza khutu monga VEMP (kuyeza mmene minofu ya pakhosi kapena ya pansi pa diso imachitira phokoso likalowa m'khutu) kapena kuyeza kamvedwe, ndiyeno chithunzicho. Inu amene mwapatsidwa lipoti lonena za bowo, afunseni adokotala mwaulemu kuti magawo a chithunzicho anali ochindikala bwanji, komanso ngati VEMP yachitika. Ngati sanakufunseni zimene mumamva m'khutumo, afotokozereni nokha musanasainire chilichonse.