Ndalama za abwenzi akunja ziziyenda pa ndondomeko imodzi

Alembi, mwalasa pomwepo ponena kuti thandizo lolimbana ndi Edzi, TB ndi malungo lizitsata ndondomeko imodzi ya Unduna wa Zaumoyo. Ine ndimagwira ntchito pa chipatala china chaching'ono chakumudzi. Mwezi ukamatha ndimakhala ndi mabuku a malipoti angapo patebulo, bungwe lililonse ndi fomu yakeyake, pamene odwala ali pa benchi panja kudikira kuyambira m'mawa. Mayi mmodzi yemweyo timamulemba katatu.

Sindikunyoza thandizo ayi. Ma ARV aulere anayamba mu 2004 ndi ndalama za Global Fund, thumba la padziko lonse lolimbana ndi matenda atatuwa, ndipo achibale anga ali moyo lero chifukwa cha mankhwala amenewa. Koma mu Januwale 2025, Amerika itaimitsa thandizo lake, anzathu olembedwa ntchito ndi mabungwe anauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba, ndipo odwala ankatifunsa ngati mankhwala apitirire. Mtima unandiwawa kwambiri.

Ku Abuja mu 2001 atsogoleri a mu Afirika analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Aphungu athu aifunse nkhaniyi m'Nyumba ya Malamulo bajeti ikubwerayi isanadutse.