Za ndiwo zamasamba kumudzi

Mwandikumbutsa kutali ndi nkhani yanuyi yophika zopanda nyama ndi mnzanu wokhala naye nyumba imodzi. Nanenso ndili pa atachimenti ku Ntchisi ndinkakhala ndi mtsikana wosadya nyama, ngakhale usipa. Poyamba ndinkadandaula. Koma mnzangayo anandiphunzitsa kutendera nkhwani: kusadzula bwinobwino, timadzi pang'ono, tomato, kenako nsinjiro pamwamba, osafulumira kutakasa mpaka zitapsa. Fungo lake pambaula paja, mpaka lero ndimalimva! Nyemba tinkaviika usiku kuti makala asathe msanga.

Pamodzi pokha ndikutsutsani, pomwe mwati masamba amasowa m'chilimwe. Ayi ndithu. Mukanafunsa amayi oyandikana nawo nyumba. Mfutso amakhala nawo m'zikwatu, wa khwanya, wa chitambe, ndipo ife ankangotigawira.