Medley ya anyamata pa masewera a mayunivesite, anthu mukuiphonya

Abale anga, pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa kwa anthu okonda masewera. Mukangotchula masewera a mayunivesite a dziko lonse aja amakonza a FISU, bungwe loyang'anira masewera a mayunivesite pa dziko lonse, basi anthu amangoti aa za ana asukulu izo, tidikire Olympics. Ine ndikukana ndithu. Ndipo ngati pali mpikisano umodzi umene ungakusintheni maganizo, ndi wosambira wa individual medley ya amuna, makamaka ya mamita 400.

Masewerawa si a dzulo ayi. Anayamba mu 1959 ku Turin m'dziko la Italy, kale ankatchedwa Universiade, ndipo amachitika zaka ziwiri zilizonse. Olowa ndi ophunzira a pa yunivesite kapena amene angomaliza kumene, azaka zapakati pa 18 ndi 25. Ndiye eya, ndi ana asukulu, koma ndi ana asukulu amene amadzuka kusanache kukalowa m'dziwe kenako kuthamangira kalasi tsitsi lidakali lonyowa, madzulo kubwereranso m'madzi momwemo.

Kwa amene simunaonerepo, medley ndi munthu mmodzi kusambira mitundu inayi yonse motsatizana osapuma. Amayamba ndi butterfly yoponya manja onse awiri pamodzi pamwamba pa madzi, kenako backstroke ija yachagada, kenako breaststroke yosambira ngati chule, kumalizira freestyle yoponya manja mosinthanasinthana uli chafufumimba. Pa 200 mtundu uliwonse ndi mamita 50, pa 400 ndi mamita 100. Musasokoneze ndi medley relay ija ya anthu anayi, iyo imayamba ndi backstroke chifukwa wa backstroke amayambira m'madzi, sangadumphe kuchokera pamwamba mnzake akagunda khoma.

Nde chimene ndimaikondera medley ndi chakuti mulibe pobisala. Wa 50 freestyle akhoza kukhala katswiri wa chinthu chimodzi moyo wake wonse ndipo palibe angamufunse za breaststroke. Koma wa medley chofooka chake chimaonekera poyera, aliyense amachiona, ndipo anzake amene akupikisana nawo amachidziwa kale asanalowe n'komwe m'madzi, amadziwa kuti uyu timusiye atsogole pa butterfly tikamupeza kutsogoloku.

Ndipo kutsogolo kwakeko nthawi zambiri ndi pa breaststroke. Apa ndi pamene ndimafuna anthu aziyang'anitsitsa. Breaststroke ndi mtundu wochedwa kuposa yonse inayi, ndiye kusiyana kwa wodziwa ndi wongoyesera kumakhala kwakukulu zedi, masekondi angapo pa mamita 100 okha. Umaona mnyamata watsogola thupi lonse atamaliza backstroke, anthu ayamba kale kukuwa dzina lake, kenako akangotembenuka pakhoma paja wina amene anali wachinayi kapena wachisanu akuyamba kubwera pang'onopang'ono, kukoka kulikonse akudya mtunda, ndipo wotsogola uja sangachite kanthu chifukwa breaststroke sufulumira ndi ukali, ukangopupuluma ndiye kuti manja ndi miyendo zasiya kugwirizana ndipo ukumira m'malo mopita kutsogolo. Miyendo nayo ikhala itayamba kale kuotcha chifukwa cha backstroke. Akamafika pa freestyle ambiri mpikisano umakhala utagamulidwa kale, chotsala ndi kuona amene mapapo ake akana kugonja.

Butterfly nayo ili ndi msampha wake. Ukaithamanga ndi mphamvu zonse pa mamita 100 oyambirira ngongole yake ukabweza pa mamita 100 omaliza, ndipo chiwongoladzanja chake ndi chowawa. Ukaisambira mwaulesi anzako akusiya kutali moti sungawapezenso. Kudziwa pakatikati pake ndi nzeru, si minofu yokha.

Malamulo nawo sakhululuka. Pa butterfly ndi breaststroke uyenera kugunda khoma ndi manja onse awiri nthawi imodzi. Pomaliza backstroke uyenera kugunda khoma udakali chagada, ukangotembenukira chafufumimba usanagunde basi wachotsedwa, khama lonse lapita. Kutembenuka kochoka pa backstroke kupita pa breaststroke n'kumene kumavuta kwambiri ndipo akatswiri amathera nthawi yaitali akuyeserera kameneko kokha. Ndiye pali nkhani ya Ryan Lochte wa ku America, mu 2015 ku Kazan pa mpikisano wa dziko lonse iye pochoka pakhoma kuyamba freestyle ankapalasa miyendo pansi pa madzi ali chagada, anapambana 200 medley, koma pambuyo pake akuluakulu a masewerawa anati ayi, mu medley zimenezo zikufanana ndi kubwereza backstroke, n'kuletsa. Zinthu zing'onozing'ono ngati zimenezi munthu wotopa, mtima ukugunda ngati uphulika, ayenera kuzikumbukirabe.

Tsopano amene mumanyoza masewera a mayunivesite, mfundo yanu ndimaimva. Nthawi zambiri amachitika chilimwe chomwecho ndi World Championships, mpikisano waukulu wa osambira a dziko lonse, nthawi zina masiku ake amachita kugundana. Mu 2023 a mayunivesite a ku Chengdu anayamba pamene World Championships ya ku Fukuoka inkatha, mu 2025 a Rhine-Ruhr ku Germany, amene kusambira kunachitikira ku Berlin, anatha pamene kusambira kwa World Championships ku Singapore kunkayamba. Ndiye mayiko ambiri akuluakulu amatumiza akatswiri awo oyamba ku World Championships, ku mayunivesite kumapita otsatira. Zoona zimenezo. Koma kwa ine apa ndi pamene pali kukoma kwake. Pa Olympics onse asanu ndi atatu a mu fainolo amakhala atasula kale mitundu inayi yonse, kusiyana kwake n'kochepa. Ku mayunivesite umaona anthu amene sanapse bwinobwino, wina butterfly yoopsa koma breaststroke yomvetsa chisoni, wina woyamba mochedwa koma womaliza ndi freestyle yolusa, ndiye otsogola amasinthasintha kangapo mu mpikisano umodzi ndipo sungadziwe wopambana mpaka kumapeto. Ngati ukufuna kumvetsa mmene medley imayendera, onera imeneyi.

Komanso si zoona kuti akuluakulu sabwerako. Ku Olympics ya ku Rio mu 2016 pa 400 medley golide anatenga Kosuke Hagino wa ku Japan, mnzake Daiya Seto n'kukhala wachitatu. Chaka chotsatira, mu 2017, onse awiri anali ku Taipei pa Universiade, Hagino n'kupambana 200 medley, Seto n'kupambana 400 medley. Munthu wa golide wa Olympics kubwera kudzapikisana ndi ophunzira anzake, nde inu mukuti za ana?

Ndipo taganizirani kumene akatswiri a medley amachokera. Rekodi ya dziko lonse ya 400 medley ya Michael Phelps wa ku America, 4:03.84 ya ku Beijing mu 2008, inakhala zaka pafupifupi 15 osagwedezeka. Anadzaithyola ndi Léon Marchand wa ku France ku Fukuoka mu 2023 ndi 4:02.50, nthawi imeneyo ali wophunzira pa Arizona State University, kochi wake ali Bob Bowman yemwe uja anaphunzitsa Phelps. Mu 2025 ku Singapore anathyolanso ya 200 medley ya Lochte, 1:54.00 ya mu 2011, iye n'kusambira 1:52.69. Mayunivesite ndi amene akusula anthu amenewa, ndiye mpikisano wa mayunivesite n'kumaupeputsa bwanji?

Palinso china chimene anthu saganizira. Ku makoleji a ku America amapikisana m'maiwe afupiafupi a mayadi 25, makoma ndi ambiri, ndipo wodziwa kukankha khoma ndi kuyenda pansi pa madzi amabisa zofooka zake mosavuta. Ku masewera a FISU dziwe ndi la mamita 50. Makoma achepa, kusambira kwenikweni kwachuluka, pansi pa madzi pa butterfly, backstroke ndi freestyle sungapitirire mamita 15 usanatulutse mutu. Ena amene amaoneka ngati zimphona m'dziwe lalifupi akafika kumeneku breaststroke yawo imawaulula. Ndipo 400 medley saisambira kamodzi, m'mawa ma heat osankhira olowa mu fainolo, madzulo fainolo, tsiku lomwelo.

Pempho langa likupita kwa oulutsa masewerawa. Kamera imakonda kukakamira pa amene akutsogola pa butterfly ngati kuti iyeyo ndiye wapambana kale, pomwe nkhani yeniyeni ikuchitika kumbuyo, mu leni ina kumene wa breaststroke akungodikira nthawi yake. Tionetseni nthawi ya munthu aliyense pa mtundu uliwonse, tiuzeni mpikisano usanayambe kuti uyu mphamvu zake zili pati, uyu amafooka pati, kuti woonera watsopano asamadabwe poona wotsogola akumezedwa. Masewera otsatira ali ku Chungcheong m'dziko la South Korea mu 2027, nthawi yokonza zimenezi ilipo yokwanira.