Mwana pamiyendo kumpando wakutsogolo: manja anu sangamugwire

Makolo anzanga a mu Lusaka, tileke kukhazika ana pamiyendo kumpando wakutsogolo wa galimoto. M'mawa uliwonse pa Great East Road ndi pa Kafue Road zimenezi zimaoneka. Ndi chikondi, inde, koma manja a kholo sangamuteteze, ndipo chifukwa chake katswiri wa sayansi Isaac Newton anachifotokoza kale mu 1687.

Chinthu chikayamba kuyenda chimapitabe pa liwiro lomwelo mpaka china chichiimitse. Galimoto ikamathamanga makilomita 50 pa ola, mwana nayenso akuthamanga 50. Ikagunda chinthu imaima, mwana sayima. Chomuimitsa chimakhala dashibodi kapena galasi.

Mungati mumugwira zolimba. Tiwerengere limodzi. Makilomita 50 pa ola ndi mamita pafupifupi 14 pa sekondi. Pogunda khoma kapena lole yoima, liwiro lonselo limatha m'gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Kuima kwadzidzidzi kotereku kumachulukitsa kulemera kwa chilichonse chili m'galimoto pafupifupi ka 14. Mwana wa makilogalamu 10 amasolola manja anu ngati katundu wa 140, pafupifupi matumba atatu a chimanga a 50 kg, zonsezo musanaphethire n'komwe. Palibe dzanja lingagwire zimenezo.

Choopsa kwambiri n'kumanga lamba mmodzi pa inu ndi mwana. Munthu wa makilogalamu 70 amasanduka pafupifupi tani imodzi, ndipo mwana amapanikizika pakati pa thupi lanu ndi lamba. Chonde, musatero.

Lamba amatambasuka pang'ono, motero amatalikitsa nthawi yoimira n'kuchepetsa mphamvu yofika pathupi. Koma anapangidwira wamkulu: adutse pachiuno ndi paphewa. Pa mwana wamng'ono amagwera pamimba ndi pakhosi. N'chifukwa chake mwana akhale kumbuyo pa kampando kake komangiriridwa bwino, ndipo wakhanda ayang'ane kumbuyo kuti msana wonse ulandire mphamvuyo, osati khosi. Kampando koyang'ana kumbuyo musakaike kutsogolo kumene kuli airbag yogwira ntchito (thumba limene limafufuma mwamphamvu pangozi). Ndikudziwa kuti timipandoti n'todula. Ngati palibe, mwana akhalebe kumbuyo.

Madalaivala, liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Pa phula louma, matayala ndi mabuleki ali bwino, galimoto ya pa 40 imaima pakatha mamita pafupifupi 9 chipondereni buleki. Pa 80 ndi mamita 36. Onjezani mamita 22 amene mumayenda m'sekondi imodzi yoti muone ngozi n'kusuntha phazi. Mvula yoyamba ya Novembala ikasakaniza fumbi ndi oyilo pamsewu, mamita 36 aja amatha kupitirira 60, makamaka ngati matayala atha mizere. Siyani mpata wa masekondi atatu kumbuyo kwa minibasi, chifukwa imaima paliponse ikaona wokwera. Kukagwa mvula, mpatawo muuwirikize kawiri.